Kuwerenga zidindo za pa mfuti ya agogo

Mfuti zakale zimene zikusungidwa m'nyumba za kuno ku Blantyre pafupifupi zonse zili ndi mbiri imodzi mwa ziwiri: kapena agogo anabwera nayo kuchokera ku Burma, kapena inagwiridwapo ndi anthu a Chilembwe. Ndamvapo zonse ziwiri ku Chilomoni, ku Bangwe ngakhale ku Lunzu, ndipo onenawo sanama dala, amangobwereza zimene anauzidwa ali ana. Koma mfuti ya usilikali ndi katundu amene boma silinkamusiya wosalembedwa. Opanga ankadindapo, oyesa ankadindapo, okonza ankadindapo, ndipo tsiku loigulitsa ankadindaponso. Ili ngati kabuku ka kuchipatala kaja: paliponse pamene munthu wapita amalembamo, ndiye wodziwa kuwerenga atha kulondola ulendo wonse ngakhale mwini wake atakhala chete.

Malume anga ali ndi imodzi. Ndi yovomerezeka, chiphaso chake amachikonzetsa ku polisi, koma pa chiphasopo panangolembedwa kuti .303 ndi nambala basi. Inali ya bambo awo, agogo anga, amene analidi msilikali wa Keyala (King's African Rifles, K.A.R.) pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pabanja pathu aliyense ankadziwa kuti ndi mfuti ya ku Burma. Malume anandiitana kuti ndiijambule ndi foni, poti ana awo amene ali kunja ankafuna zithunzi, ndipo ine ndinapempha kuti tisangojambula koma tiwerenge zimene zalembedwapo.

Tisanachite china chilichonse malume anachotsa magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, nakoka bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope, ndipo tonse awiri tinasuzumira mkati kuti tione kuti mulibe chipolopolo. Izi si zochitira mwambo. Mfuti imene yakhala kuseri kwa kabati zaka zambiri palibe amene amakumbukira bwino mmene inasiyidwira. Kenaka tinaitulutsa pakhonde, tinaigoneka pa thebulo, ndi kupukuta chitsulo ndi kansalu kodontheza mafuta pang'ono. Zidindo zambiri ndi zazing'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo kuwala kochokera pamwamba kumazibisa. Muunikire ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali, kapena mupakepo choko ndi kupukuta mopepuka kuti choyera chitsale m'mizere. Chimene ndikupemphani musachite ndi kutenga sandipepa kapena waya wotsukira mapoto pofuna kuchotsa dzimbiri. Ndinaonapo mfuti ina yowala ngati yatsopano, koma zolemba zake zonse zitafufutika. Mwini wake ankanyadira ntchito yake, ine ndinangoti zikomo.

Mfuti zambiri za .303 za kuno ndi za banja la Lee-Enfield, ndipo kusiyanitsa ziwiri zazikulu za m'banjamo n'kosavuta. Ngati cholunjikitsira chakumbuyo chili pakati, pamwamba pa mpope, imeneyo ndi ija yakale yotchedwa SMLE, imene kuyambira 1926 ankaitchanso No. 1. Ngati cholunjikitsiracho chili kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi diso, ndipo ndi kabowo kosuzumiramo, imeneyo ndi No. 4 ya nkhondo yachiwiri. SMLE yosasinthidwa imakhala ndi thabwa mpaka kumlomo, mphuno yake yobuntha. Ya malume thabwa lakutsogolo linadulidwa kalekale kuti ipepuke posaka, koma cholunjikitsira chinali pakati, ndiye tinadziwa koyang'ana.

Pa SMLE dzina lonse limakhala pa mkombero wachitsulo umene umalumikiza thako la mfuti ndi thupi lake, kudzanja lamanja, pansi penipeni pa chogwirira cha bolt. Mukakweza chogwiriracho zolembazo zimaonekera, mzere pansi pa mzere. Ife tinapeza chisoti chachifumu pamwamba, pansi pake G.R., kenaka B.S.A. Co, kenaka 1917, kenaka SHT L.E., ndipo pomaliza III ndi kanyenyezi pambali.

G.R. ndi mfumu George. Payokha siithandiza kwambiri chifukwa a George analipo awiri, wachisanu kuyambira 1910 mpaka 1936 ndi wachisanu ndi chimodzi kuyambira 1936 mpaka 1952, koma chaka chili pomwepo ndiye palibe chovuta. Mukapeza E.R. pa SMLE ndiye kuti ndi ya nthawi ya Edward VII, pakati pa 1901 ndi 1910. B.S.A. ndi Birmingham Small Arms, kampani yomwe ija inkapanganso njinga zakapalasa ndi zamoto, ndipo malume atamva zimenezi anaseka, akuti ankayesa ndi kampani ya njinga basi. Pamalo omwewo pakhoza kukhala ENFIELD, imene inali fakitale ya boma kumpoto kwa London, kapena L.S.A. Co ya mu London momwemo. SHT L.E. ndi chidule cha Short Lee-Enfield. James Paris Lee ndiye anayambitsa kapangidwe ka bolt ndi magazini yake, ndipo ufupiwo akuyerekeza ndi Lee-Enfield yaitali ya 1895. Itatha nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902, Angerezi anaona kuti ndi bwino oyenda pansi ndi okwera pa akavalo akhale ndi mfuti imodzi ya msinkhu wapakati. Mtundu wachitatu, Mark III, unavomerezedwa mu 1907. Magazini yake imalowa zipolopolo 10, zoikidwa zisanu zisanu.

Kanyenyezi kaja kali ndi nkhani yakeyake. Mark III yoyamba inali ndi tizinthu tambiri totenga nthawi kupanga. Panali kachitseko kotsekera magazini kuti msilikali azilowetsa chipolopolo chimodzi chimodzi, maofesala akuopa kuti anyamata amwaza zipolopolo. Panalinso cholunjikitsira china cha m'mbali choti gulu lonse liwombere limodzi malo akutali kwambiri. Nkhondo ya 1914 itakula mafakitale analephera kukwanitsa, ndiye tizinthuti anatichotsa, ndipo mtundu wopepukitsidwawo, umene unavomerezedwa kumayambiriro kwa 1916, anauika kanyenyezi. Nthawi zina mupeza kanyenyeziko katakhwatchidwa ndi timizere. Zikatero ndiye kuti nkhondo itatha mfutiyo anaibwezeranso kachitseko kaja.

Chaka chodindidwa ndi chimene chimadula nkhani zambiri. Mfuti singakhale pa chochitika chimene chinachitika isanapangidwe. Anthu a John Chilembwe anaukira usiku wa pa 23 January 1915, ndipo gulu lina linayenda kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungiramo zida ya African Lakes pa Mandala pompano. Alonda anakuwa, mzinda unadzuka, ndipo anangotengako mfuti zochepa. Kuchepa kwa mfuti ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kuukirako kunazimira msanga, ambiri ananyamula mikondo. Tsono zikanakhala kuti mfuti zonse zimene lero zikutchedwa za Chilembwe zinalidi zake, nkhani ya 1915 ikanatha mwina. Mfuti iliyonse ya kanyenyezi yolembedwa 1916, 1917 kapena 1918 ichokeretu pa mndandandawo. Ichokenso pa nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 September 1914, pamene Keyala inabweza Ajeremani ochokera ku Tanganyika.

Komabe 1917 si chaka chachilendo kwa ife. Nkhondo ija makolo ankaitcha ya Chiwaya inali isanathe. Gulu la General Northey, mkulu wa asilikali a Angerezi, linali litanyamuka m'malire a kumpoto mu 1916, Keyala inkakula mpaka kufika mabataliyoni 22, ndipo von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani, anadzatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918. Amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo ena oyandikira 200,000 anagwidwa utengatenga, kusenza ufa ndi mabokosi a zipolopolo pamutu. Choncho mfuti za mtundu umenewu zinafikadi kuno zambirimbiri. Funso ndi lakuti kodi iyiyi inali m'gulumo.

Malo amene akanayankha ndi pa thako la mfuti, kudzanja lamanja, pamene pamakhala kambale kamkuwa kozungulira ngati ndalama. Pamenepo ankadinda gulu la asilikali limene mfutiyo inali, monga nambala ya bataliyoni ndi zilembo K.A.R., ndi nambala ya pa shelefu yosungira. Mkati mwa nkhondo yoyamba anasiya kulembapo poopa kuti mdani akatola mfuti adziwa amene akumenyana naye, ndiye timbale tambiri ndi topanda kanthu. Pa ya malume kambaleko kanalibe, bowo lake linatsekedwa ndi kathabwa. Ngakhale kakanakhalapo sindikanakakhulupirira kokha, poti kamagwira ndi sikuluwu imodzi ndipo aliyense atha kukasamutsa.

Titachotsa kathabwa kakang'ono kophimba tsinde la mpope tinapeza piringupiringu wa tizidindo. Panali timbendera tiwiri topingasa pansi pa chisoti, chimene ndi chizindikiro chakuti mpope unayesedwa ndi boma. Panali tizisoti tating'ono tokhala ndi nambala ndi chilembo, ta anthu oyendera ntchito m'fakitale. Panali kamuvi ka mizere itatu, kooneka ngati phazi la nkhuku, kamene kali pa katundu yense wa boma la Britain, kuyambira pa mfuti mpaka pa supuni ya msilikali. Ndipo panali '41. Thupi ndi la 1917 koma mpope unaikidwa mu 1941. Zimenezi si zodabwitsa. Zipolopolo za nthawi imeneyo zinkasiya mchere wodya chitsulo, ndipo mpope ukatha ankangouchotsa n'kuikapo wina. Komanso Angerezi atataya zida zambiri ku Dunkirk ku France mu 1940 anafukula mfuti zonse zakale m'nyumba zosungira n'kuzikonza. Pa mfuti zina mupeza zilembo F.T.R. ndi chaka, kusonyeza kuti inabwerera ku fakitale n'kukonzedwa yonse. Kuseri kwa cholunjikitsira kumakhalanso H.V., kutanthauza kuti chinalinganizidwa ndi chipolopolo chosongoka cha Mark VII chimene chinayamba mu 1910.

Malume ataona 1941 nkhope inawala. "Waona mphwanga? Nkhondo ya bambo imeneyo."

Zinali zomveka ndithu. Asilikali a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division limene linapita ku Ceylon mu 1943, kenaka mu 1944 linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya dzinja, m'matope ndi malungo, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Mfuti yokonzedwa mu 1941 ikanatha kukhala kumeneko. Koma zidindo zinali zisanathe.

Pa thupi la mfuti panali mivi iwiri ya boma ija itayang'anizana nsonga ndi nsonga, mooneka ngati nyenyezi. Chimenecho ndi chidindo chakuti boma lagulitsa, katunduyu salinso wake. Ndiye mfutiyi sinazembetsedwe m'chikwama, inatuluka pakhomo. Ndipo pa mpope, m'zilembo zooneka zatsopanoko kuposa zinzake, panali chisoti ndi BNP, kenaka .303, kenaka 2.222 ndi 18.5 TONS. Izi si za usilikali. Lamulo la ku Britain limati mfuti isanagulitsidwe kwa anthu wamba iyesedwe ku nyumba yoyesera mfuti ya ku London kapena ya ku Birmingham, ndipo BNP ndi chidindo cha ya ku Birmingham. Nambala 2.222 ndi kutalika kwa chigoba cha chipolopolo m'mainchesi, pamene 18.5 ndi mphamvu ya kuphulika imene mfutiyo inavomerezedwa kupirira. Chofunika kwambiri n'chakuti kadindidwe kameneka kanabwera ndi malamulo a 1954, amene anayamba kugwira ntchito mu 1955. Kale ankadinda zilembo zina. Ndiye kuti mfuti ya agogo inali ku Birmingham, m'manja mwa amalonda, patapita zaka pafupifupi 10 kapena kuposerapo nkhondo itatha, agogo ali kale kumudzi akulima.

Ndinawafotokozera malume mwaulemu mmene ndikanathera. Anakhala chete, kenaka anati, "Ukunena kuti bambo ankanama?"

"Iyayi malume. Kodi inuyo munawamvapo iwowo akunena ndi pakamwa pawo kuti anabwera nayo?"

Anaganiza kwa nthawi, n'kutenga foni kuimbira alongo awo aakulu, amayi anga aakulu, amene ali ku Thyolo. Iwo sanachedwe n'komwe. Anati ku nkhondo bambo anabwera ndi jasi, nsapato za jombo ndi bokosi lachitsulo. Mfuti anapatsidwa ndi mzungu wa pa esiteti ya tiyi pamene ankagwira ukapitawo, mzunguyo akubwerera kwawo dziko litalandira ufulu, ndipo ankaombera nguluwe zimene zinkaononga chinangwa. "Za Burma munayambitsa ndinu anyamata," anatero, "chifukwa bambo akaigwira ankati ngati yomwe ndinali nayo kunkhondo."

Apa ndi pamene mbiri zambiri zoterezi zimabadwira. Munthu anena kuti "ngati iyi", ana amva kuti "iyi", adzukulu awonjeza dzina la dziko. Ndipo aliyense amene anakhalapo msilikali akuuzani kuti mfuti si chinthu chopita nacho kwanu. Inkalembedwa m'kaundula pa dzina la munthu ndi nambala yake, kuitaya unali mlandu waukulu, ndipo pomasulidwa ankaibweza asanalandire ndalama zake. Boma la atsamunda, limene linali lisanaiwale 1915, silikanalola amuna zikwizikwi ozolowera nkhondo kubalalika m'midzi ndi mfuti za magazini. Mantha amenewa anayamba kale. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, n'chifukwa chake alenje a m'midzi anakhala ndi gogodela zaka zonsezo.

Kwa ine mbiri yeniyeniyi ndi yokoma kuposa yopekayo. Chitsulo chinasulidwa ku Birmingham nkhondo yoyamba ili mkati, chinapatsidwa mpope watsopano pa yachiwiri, chinagulitsidwa, chinadulidwa thabwa, chinakwera sitima ndipo chinathera kulondera munda wa chinangwa ku Thyolo. Zonsezi zili pa chitsulopo, kupatula gawo lomaliza limene anasunga ndi amayi aakulu. Amene akufuna kulondola agogo ake enieniwo asayambire pa mfuti. Ayambire pa nambala ya usilikali, imene imapezeka m'kabuku komasulira msilikali ngati kanasungidwa. Mamendulo a nkhondo yoyamba ali ndi nambala, dzina ndi gulu m'mphepete mwake, pamene a nkhondo yachiwiri, monga nyenyezi ya Burma, Angerezi ankapereka osalemba dzina. Muli ndi nambalayo mutha kuyamba kufunsa ku National Archives ku Zomba, kapena kukawerenga za mabataliyoni ku laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House. Chipilala cha Keyala ku Zomba nachonso chili ndi maina a amene anafa pa nkhondo yoyamba.

Si onse amene ali ndi B.S.A. ngati ya malume, ndiye nditchuleko zina zimene zimaoneka. SMLE yolembedwa G.R.I. ndi ISHAPORE inapangidwa ku India pafupi ndi Calcutta, ndipo I ameneyo akusonyeza kuti George analinso mfumu yaikulu ya India. Dzikolo litalandira ufulu chisoti chinalowedwa m'malo ndi mikango ya pa chipilala cha Ashoka ndi zilembo R.F.I. Samalani ndi ya ku Ishapore yolembedwa 2A kapena 2A1, ya magazini ya makona. Imafanana ndi zinzake koma chipolopolo chake ndi 7.62, osati .303. LITHGOW ndi ya ku Australia. Kamuvi kali mkati mwa chilembo U ndi ka boma la South Africa, mkati mwa C ndi ka Canada, pakati pa D awiri ndi ka Australia. Chilembo chimodzi pamwamba pa thako, S, L kapena B, chikungonena kutalika kwa thabwalo, poti asilikali sanali ofanana mikono.

No. 4 inapangidwa mothamanga ndipo zolemba zake zimaonetsa. Chisoti chachikulu chija palibe. Dzina limakhala kudzanja lamanzere, nthawi zina lolembedwa ndi cholembera chamagetsi mosaoneka bwino. ROF ndi F ndi fakitale ya Fazakerley ku Liverpool, M ndi ya Maltby, ndipo M47C ndi B.S.A. yomwe ija itabisa dzina kuopa mabomba a Ajeremani. LONG BRANCH ndi ya ku Canada. Imene imasokoneza anthu ndi yolembedwa U.S. PROPERTY. Ameneyo si msilikali wa ku America anaisiya. Inapangidwa ndi kampani ya Savage kuti ipite kwa Angerezi mwa ngongole ya zida ya nthawi ya nkhondo, ndipo mawuwo anali ongokwaniritsa lamulo la ku America. Palinso No. 5, yaifupi, ya mlomo wotambasuka ngati fanulo, yopangidwa kuyambira 1944 mpaka 1947, imene inagwira ntchito kwambiri m'nkhalango za ku Malaya kumene mabataliyoni athu anapitanso m'zaka za m'ma 1950. Imeneyi ochenjera amaipanga podula No. 4, ndiye onani ngati palembedwadi No. 5.

Zakale kuposa apa nazonso zilipo. Mfuti ya chipolopolo chimodzi, yotsegula ndi chogwirira chapansi kuseri kwa chokhethemulira, ndi Martini. Kudzanja lamanja imakhala ndi chisoti, V.R. ya mfumukazi Victoria, dzina la fakitale ndi chaka. Martini-Henry inayamba mu 1871 ndi chipolopolo chachikulu cha wonga wakuda, koma zambiri anadzazisintha kuti zizilowa .303, ndipo zolemba za kusinthako zili kudzanja lamanzere ndi chaka chachiwiri. Victoria anamwalira mu January 1901, ndiye V.R. yokhala ndi chaka cha pambuyo pake kwambiri, kapena zilembo zotembenuka, ndi ntchito ya amisiri okopera a m'malire a Afghanistan. Snider ndi ya kachitseko kotsegukira m'mbali, imene inali gogodela ya 1853 yosinthidwa kuyambira 1866. Mitundu iwiriyi ndiyo inagwiridwa ndi asilikali oyamba a boma la atsamunda kuno, nthawi ya Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, ndi pambuyo pake pang'ono. Pa gogodela yeniyeni mawu akuti TOWER ndi chisoti asakunyengeni. Amalonda a ku Birmingham ndi ku Liège ankadinda mawuwa pa mfuti zotchipa zogulitsa ku Africa pofuna kuti zioneke za boma.

Mbali ya ku Mulanje, ku Nsanje ndi ku Mwanza, kumene malire ndi Mozambique ali pafupi, kumapezeka ina imene anthu amangoti ya Chijeremani poona mawu akuti Berlin. Werengani mzere wonse. Ngati palembedwa Espingarda Portugueza 6,5 Mod. 1904, imeneyo ndi Mauser-Vergueiro, yopangidwa ku Berlin koma ya asilikali a Chipwitikizi, ndipo pamwamba pake pali chisoti ndi chizindikiro cha mfumu Carlos I. Chosangalatsa n'chakuti Ajeremani anaigwiritsadi ntchito, atalanda zambiri pa Ngomano mu November 1917 powoloka Ruvuma. Asilikali akuda a Ajeremani nkhondo ikuyamba ambiri anali ndi Mauser yakale ya 1871, ya wonga wakuda, imene utsi wake unkaulula pamene munthu wabisala. Za boma la Germany zimakhala ndi chisoti ndi dzina la mzinda, Spandau, Danzig, Erfurt kapena Amberg, ndi chaka pansi pake.

Pali zilembo ziwiri zimene ndikufuna aliyense azidziwe ngakhale zina zonse aiwale, D.P. Zimadindidwa pa thupi, pa mpope kapena pa thabwa, ndipo zimasonyeza kuti mfutiyo inaweruzidwa kuti ndi yophunzirira perete basi, si yowombera. Zambiri zoterezi zinkapita ku masukulu ndi kwa ophunzira usilikali. Chifukwa choiweruzira sichioneka ndi maso, pakhoza kukhala mng'alu mkati. E.Y. nayonso ndi yotsitsidwa, yoti iwombedwe pakavuta zedi. Chinanso ndi manambala. Nambala ya pa thupi iyenera kufanana ndi ya kuseri kwa chogwirira cha bolt, chifukwa bolt iliyonse ankailinganiza ndi mfuti yake kuti mpata wa kuseri kwa chipolopolo ukhale woyenera. Mpatawo ukakula chigoba chimatha kung'ambika, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso. Pa ya malume manambalawo anasiyana. Bolt inachokera ku mfuti ina, ndipo zipolopolo zimene anasunga m'chitini zinali zobiriwira m'khosi. Tinagwirizana kuti isaombedwenso pokhapokha mmisiri wa mfuti ataiyeza ndi zoyezera zake.

Zonse ndanenazi ndi za mfuti imene ili ndi mwini wake ndi chiphaso chake. Malamulo a dziko lino salola kusunga mfuti popanda chiphaso, ngakhale ikhale yakale bwanji, ndipo chiphaso cha malemu sichisanduka cha mwana wake chokha. Mwini akamwalira abale akauze apolisi. Mukaipeza kudenga la nyumba yakale, kapena pokumba maziko, musaikulunge m'chitenje n'kukwera nayo minibasi ya ku Limbe kuti mukafunse anzanu. Isiyeni pomwepo, chotsanipo ana, ijambuleni mbali zonse ziwiri ndi pafupi pa zidindo ngati zikuoneka osaigwira, kenaka itanani apolisi kapena dziwitsani amfumu. Zithunzizo ndi zokwanira kuwerengera fakitale, chaka ndi mtundu, ndipo muzitenga tsiku lomwelo, chifukwa mfuti yopanda mapepala ikalowa m'manja mwa boma kawirikawiri imakathera kuonongedwa pamodzi ndi zolandidwa kwa achifwamba.